Tsekani benchi, msika suthawa

Anzanga a mu msika wa Limbe, a ku Ndirande, a pa Tsoka ku Lilongwe, a ku Zomba, ndi inu nonse amene nyuzi ino imakupezani mutakhala pa chigubu kudikira kasitomala, lero ndabwera ndi funso limodzi lokha. Kodi benchi yanu munaitseka liti komaliza popanda maliro?

Musafulumire kuyankha. Sindikunena tsiku lija anakuthamangitsani a khonsolo, kapena lija kunali zionetsero mukuopa anyamata ogenda. Ndikunena kutseka mwa kufuna kwanu, palibe wadwala, palibe wamwalira, n'kunena kuti lero ndi mawa ndikaone anthu akwathu. Ambiri mukanda m'mutu mpaka dzuwa kulowa.

Koma foni ingolira kuti kumudzi kwagwa zovuta, mphindi khumi sizikwana. Katundu mwafunditsa kale lona, mnzanu woyandikana naye mwamuuza kale kuti aziponyako diso, ya thiransipoti mwabwereka kale, muli pa depoti. Masiku atatu, anayi, ena sabata yathunthu. Mukabwerako msika mumaupeza uli pomwe munausiya, matope ake omwewo, ntchentche zake zomwezo. Tsono ngati msika umatha kudikira kuti mukaike munthu wakufa, ungalephere bwanji kudikira kuti mukacheze ndi wamoyo?

Ndikumva kale zimene mukunong'onezana. Mukuti, "Achimwene olemba nyuzi, inu mumadya za cholembera. Loweruka ndiye tsiku la ndalama." N'zoona, sindikutsutsa. Kwathu nakonso ufa umachokera pa benchi. Mayi a kunyumba amagulitsa nsomba zouma, ndipo ndimaona ndekha m'mene nkhope imakhalira Lolemba ngati Loweruka sizinayende. Banki mkhonde ikudikira, chiphaso cha msika n'cha tsiku ndi tsiku, kuli lendi, kuli fizi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba wa anthu n'kusungunuka uli m'thumba. Anzathu a kaunjika mpaka anakhamukira ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale 2025 chifukwa cha mitengo ya mabelo. Munthu wotere ukamuuza kuti pumulani akhoza kukugenda ndi tomato woola.

Koma taonani anzathu ena. A Seventh Day amatseka kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa, Loweruka lonse la ndalamalo osagwira kakobiri, chaka ndi chaka, ndipo sindinamve kuti onse anadya mpamba. Asilamu Lachisanu masana amasiya kasitomala ali chiimire n'kupita ku mzikiti. Amwenye a mu Limbe, amene timawanena kuti ndalama amaikonda kuposa tonsefe, Lamulungu zitseko zambiri mumazipeza zili ndi maloko atatuatatu. Otsala ndife amene tinadzilemba tokha ntchito ya ulonda wa msika, yopanda malipiro, yopanda tchuthi.

Inu a sikelo mukudziwa chimene chimachitika sikelo ikamangosenza katundu osaitsitsa. Kamuvi kake kamaleka kubwerera pa ziro. Imayamba kunama, mwini wake osadziwa kuti ikunama. Munthu amene watha miyezi isanu ndi umodzi osachoka pa benchi amafika pomwepo. Kasitomala akangonenerera pang'ono, iye amamva ngati wamutukwanira makolo. Mnzake akatsitsa mulu ndi K50 ndiye kuti ndi mfiti, akufuna kumulanda mwayi. Mwana akapempha ya kope, mbama. Kanthu kakang'ono kakulemera ngati thumba la chimanga, ndipo chinthu chachikulu, monga mwana wake amene wayamba kugona kunja, sichikusuntha kamuvi n'komwe.

Ndiye Loweruka lapitali, la pakati pa mwezi pamene m'tauni anthu ali gwa kudikira malipiro, ife tinayesa. Mayi a kunyumba anasiya matemba ndi usipa wawo m'manja mwa mayi wa tomato amene amadyera limodzi nsima masana. Pangano lake ndi lakuti mwezi wamawa asinthana. Ndalama timachita nazo chipereganyu, nanga masiku tingalephere bwanji? Tinanyamuka atatu, ine, iwo ndi mwana wathu wotsiriza wa zaka khumi, wobadwira m'tauni, amene kwa agogo ake ku Machinga anapitako kawiri kokha, ndipo maulendo onse awiri anali a maliro.

Minibasi ya ku Liwonde mumaidziwa. Namadzi, Zomba, Domasi, Malosa, pa boma la Machinga, kenako kutsetsereka kulowa m'ng'anjo. Titangotsika, anzanu a geni anatizinga ndi milamba yowamba ndi chimanga chootcha, ndipo mayi a kunyumba, amene anabwera kudzapuma, anayamba kufunsa kuti akaoda yambiri awachitira bwanji. Ndinachita kuwakoka dzanja. Geni ndi matenda, abale.

Tisanalowe njira ya kumudzi ndinati mwana aone kaye Shire pa baraji. Ambiri a inu mwadutsapo kambirimbiri muli m'basi, maso ali pa katundu wanu wa pamwamba kuti asagwe. Tsiku lina mudzatsike, mudzaime pamenepo. Baraji imeneyi inamangidwa mu 1965. Ili ndi zitseko 14 zimene amatsekula ndi kutseka kuti madzi ochokera ku nyanja azitsika mwa muyeso, chifukwa kumunsi kwake ndi kumene kuli makina a magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Inu ometa, inu owotcherera zitsulo, inu ogulitsa zozizira, magetsi amene mumawatukwana akathima aja chiyambi chake ndi madzi amenewa.

Mu 2024 nyanja itadzaza kwambiri, eni malo ogona alendo ku Mangochi analira kuti zitseko zitsekulidwe poti madzi anali atawalowera m'zipinda. Koma kutsekula mopanda muyeso kukanakamiza anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Taganizani munthu amene ntchito yake ndi kugwira zitseko zimenezi. Akatseka alira akumtunda, akatsekula alira akumunsi, ndipo onse ali ndi zifukwa zomveka. Ife timaona ngati mlandu wovuta padziko lonse ndi wa amene wasuntha benchi yake kulowa malo athu ndi chikhatho chimodzi.

Mwana sanamve zonsezi. Iye anaona mvuu ikutulutsa mphuno chakumtunda, basi nkhani inathera pomwepo.

Kuchoka apo tinayamba wapansi, kutsata msewu wa ku Ntaja kenako kupatukira m'kanjira. Anyamata a kabaza anatitsatira kwa kanthawi akutiyang'ana ngati anthu oti mutu sukuyenda bwino. Mwana naye anali mbali yawo. "Adadi, ndalama zatha?" Ndinati sizinathe, koma lero tiyenda.

Apa wina anena kuti, "Kuyenda mukutiuza ife? Ife amene timachoka ku Bangwe, ku Mbayani, kwa Chinsapo mbandakucha, dengu lili pamutu?" Pepani, kumeneko ndi kuthamanga. Maso ali pansi, mtima uli pa mpamba, miyendo ikupikisana ndi dzuwa. Kuyenda kumene ndikunena ine ndi kwa manja lendelende, kopanda wokudikira ndi ndalama kutsogolo. Komanso tisanamizane, ambiri a ife masiku ano timakwera njinga ya moto kufika pa geti la msika, n'kukhala pa chigubu kuyambira sikisi mpaka sikisi. Chakudya chake chipisi cha pa chiwaya, mandasi, chakumwa cha shuga, mchere wothira osayang'ana. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu aliwonse m'Malawi muno, mmodzi ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Bungwe lomwelo limati munthu wamkulu azipeza mphindi zosachepera 150 pa sabata zoyenda mwandawala kapena kuchita zolimbitsa thupi. Ndi maola awiri ndi theka basi. Koma mnzathu akagwa pa benchi, dzanja ndi mwendo n'kufa, timathamangira kunena kuti amuponyera. Kenako tonse timatseka mabenchi kukamuika.

Titayenda ngati ola limodzi tinaimitsidwa ndi sitima ya malasha. Njanji imeneyi, yochoka pa Nkaya ku Balaka kudutsa pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, inatsekulidwa mu 1970, ndipo masiku ano imanyamula malasha a ku Moatize kupita nawo ku doko la Nacala. Mwana anayamba kuwerenga mabogi, anasokonezeka, anayambiranso, mpaka anangoisiya ikupitabe. Mayi a kunyumba anangoti, "Katundu yenseyu ndi wa munthu mmodzi?" Ndinaona kuti akumuyerekeza ndi madengu awo atatu a matemba.

Chakumanzere kwathu kunali mapiri a mu paki ya Liwonde. Paki imeneyi inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi a African Parks. Njovu zinachulukamo mpaka mu 2022 anasamutsa 263 kupita nazo ku Kasungu. Azungu amawoloka nyanja zikuluzikulu, kulipira madola, kudzaona zimene ife timadutsa tikuodzera m'minibasi. Mtengo wolowera kwa Mmalawi ndi wotsika kusiyana ndi wa mlendo, koma funsani pa mzere wanu wonse kuti analowamo ndani. Mukafuna kulowa dzerani pa geti, musaboole waya, muli mikango masiku ano.

Tinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Amayi anali pa khonde akusankha nandolo. Atangotiona anataya lichero, n'kuimirira manja ali pamutu. Ngakhale "ali uli" wa Chiyao uja anamuiwala.

"Kwagwanji?"

"Palibe chagwa, amayi. Tangobwera kudzakuonani."

"Kudzandiona ine? Popanda uthenga? Kapena adokotala akuuzani kuti ndatsala pang'ono?"

Tinaseka tonse, koma mawu amenewa musawatenge ngati nthabwala chabe. Tafika poti mwana wa m'tauni akaoneka pakhomo pa mayi ake, mudzi wonse umayamba kufunsana kuti wamwalira ndani. Timatumiza ndalama pa foni n'kumati takwanitsa. Ndalama ya pa foni imagula sopo ndi mchere, koma siiona kuti denga la amayi lapendekeka, siimva kuti akutsokomola usiku wonse. Pa foni aliyense amati tili bwino, poopa kukuthera mayunitsi.

Nkhuku inafa, monga mwa mwambo. Madzulo amuna tinali pa bawo pansi pa mtengo wa mango, mabowo 32 okumba pansi, akuluakulu akudyerana nkhomo mopanda chisoni uku akufunsana za mitengo ya feteleza. Amayi anali kuseri ndi achemwali anga. Nkhani imene inachitika kuseriko ndinaimva usiku, ndipo ndi imene yandichititsa kulemba zonsezi.

Mayi a kunyumba anapita kumudzi ali ndi mlandu mumtima. Ankati abale anga amangopempha, sathokoza, akuona ngati m'tauni ndalama timachita kutola. Achemwali anga nawo anali ndi wawo. Ankati alamu awo ndi ouma manja, amagwira ndalama tsiku lililonse koma akatumiza ndi ya mchere yokha. Milandu iwiriyi yakhala ikuyenda pa foni zaka zitatu, aliyense akuuza ine, ine ndili pakati ngati munthu wa zitseko za pa baraji uja.

Tsono atakhala pa mphasa imodzi, achemwali anatsekula nkhokwe kuwaonetsa. Anafotokoza m'mene madzi a Freddy anakokololera munda mu Malichi 2023, ndi m'mene dzuwa la 2024 linaotchera chimanga chisanabereke, chaka chimene boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. M'boma lomweli la Machinga anthu ena anafika podya chitedze, nyuzi zinalemba. Mayi a kunyumba nawo anamasula kansalu kawo n'kuyamba kuwerengera alamu awo: kuoda dengu ndi zakuti, thiransipoti zakuti, chiphaso, wonyamula, zoonongeka, banki mkhonde, chotsala ndi ichi. Achemwali akuti anafunsa kawiri kuti, "Chotsala n'chimenechi basi? Ndiye zimene mumatitumizira zija mumazichotsa pati?"

Sindikunena kuti anasanduka mapasa usiku umodzi. Koma m'mawa ndinawapeza akupita limodzi ku mjigo, ndipo akumenyana m'manja poseka munthu wina, amene ndikukhulupirira kuti ndine.

Lamulungu linali la mpira. Mwana wa achemwali, mnyamata wa zaka 19, ndi goloboyi wa timu ya m'mudzimo, ndipo tsikulo anali ndi masewero kutsidya, kufupi ndi tauni ya Balaka. Achikulire mukukumbukira kuti kale konseku kunali Machinga, mpaka 1998 pamene Balaka inakhala boma palokha. Anyamata a mpira malire amenewa sawadziwa, amangowoloka Shire. Lole ya timu inkanyamukira pa Liwonde, ndiye ine ndi mnyamatayu tinatsogola wapansi, enawo n'kutsatira pa kabaza.

Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba. Ana a achemwali ako ndi mlandu wako. Koma ukamuitanitsa mnyamata wa msinkhu umenewu n'kumukhazika pa mpando, maso ndi maso, sumvapo kanthu. Amangoti eya amalume, iyayi amalume, uku akukanda pansi ndi chala cha kuphazi. M'njira ndi zina. Nonse mwayang'ana kutsogolo, palibe akuyang'ana mnzake, mawu amatuluka okha. Tisanafike pa njanji anali atanena kale.

"Amalume, ine mwezi wamawa ndikupita ku Joni."

"Pasipoti uli nayo?"

"Anzanga anapita opanda. Pali munthu amadutsitsa."

"Ndalama yomulipira munthuyo?"

Anakhala chete. Kenako anati mbuzi za amayi ake zilipo zinayi, akagulitsa zitatu zikwana, akakafika adzabweza. Amayi akewo sankadziwa kanthu.

Inu a ku Machinga, Balaka ndi Mangochi nkhani iyi si yachilendo. Ndipo tisachite ngati ku Joni kulibe phindu. Nyumba zamalata zambiri zimene tinadutsa m'njiramo ndi ndalama za kumeneko, mnyamatayu amaziona tsiku lililonse, ndipo anzake akabwera pa Khirisimasi amabwera ndi mafoni ndi nsapato zoti iye sangazigule ndi nandolo. Ukangomuuza kuti usapite, iye amamva kuti ukufuna afe wosauka. Ndinangomukumbutsa zimene anali mwana pamene zinkachitika: za 2008, ndi za 2015 pamene boma linachita kutumiza mabasi kukatenga Amalawi amene ankathawa zipolowe ku Durban, ambiri atasiya zonse. Ndinamuuza za Lindela, kumene amatsekera ogwidwa opanda mapepala kudikira kuwabweza. Ndinamuuzanso kuti munthu wopanda pasipoti bwana akakana kumulipira alibe kokadandaula.

Akuluakulu ena akanati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Koma nyanga imeneyi ikafota, zofota ndi mbuzi za achemwali anga. Tinagwirizana zitatu: mbuzi asazikhudze, amayi ake awauze yekha ndi pakamwa pake, ndipo abwere kaye ku Limbe miyezi ingapo adzagwire geni, ya pasipoti aipeze ndi thukuta lake. Akadzafunabe kupita, adzapite ngati munthu, podzera pa geti. Anavomera, koma kuvomera kwa mnyamata wa zaka 19 mumakudziwa. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti ndikanakhala ku Limbe Loweruka limeneli, nkhaniyi ndikanaimva mbuzi zitapita, mwana ali ku Mwanza.

Bwalo linali la pa sukulu ya pulayimale, la fumbi, mizere yake yothira phulusa, mtengo wa mlambe uli kuseri kwa golo. Anayamba ndi atsikana, ntchemberembaye. Apa ndi pamene ndinaona zodabwitsa. Mayi a kunyumba, amene ndakhala nawo zaka zonsezi ndikuwadziwa ngati munthu wa matemba, anayamba ndi kukuwa ali chikhalire. Kenako anaimirira. Kenako ndinangoona amanga chitenje m'chiuno, masilipasi avula, akulangiza kamtsikana koponya zigoli m'mene kaziimira. Pa hafu anapempha mpira, anaponya katatu, kawiri unalowa. Ana a sukulu anakuwa ngati alowetsa ndi Mwawi Kumwenda. Mwana wathu anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amami amatha mpira?" Iye kubadwa konse amawadziwa akuwerenga ndalama ndi kukalipa. Foni yawo inalira kawiri m'chikwama, mayi wa tomato uja akufuna kufunsa mtengo wa usipa, koma sanaimve.

Mpira wa anyamata unayamba mochedwa ndi ola lathunthu chifukwa mbali ina inakana kulowera pa njira imene akuti panathiridwa mankhwala. Theka la osewera linali lopanda nsapato. Majezi a timu yathu anali olembedwa dzina la munthu wina amene ankafuna uphungu, ndipo anyamata akuti chithere mavoti sanamuonenso. Zikho za andale zili ngati bowa, zimamera nyengo yake.

Koma mpira unalipo, abale. Musamanyoze mabwalo a fumbi. Tabitha ndi Temwa Chawinga anayambira pa mabwalo otere kwao ku Rumphi, ndipo mu 2024 Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. A Balaka nawo mpira waukulu anaulawa: mu 2017, bwalo la Kamuzu litatsekedwa, Manoma ankasewerera masewero awo ambiri apakhomo pa Balaka Stadium, ndipo chaka chimenecho anatenga ligi. A Maule musakwiye, ndangonena zimene zinachitika.

Chimene ndinaona pa bwalo lija n'chosiyana ndi mpira umene ambiri a ife timaonera masiku ano. Ife timakhala mu vidiyo sho kapena pa foni, kapepala kobetcha kali m'manja, tikutukwana mnyamata wa ku England amene sadziwa n'komwe kuti kuli dziko lotchedwa Malawi, chifukwa waphonya chigoli n'kutidyetsa ya ndiwo. Umenewo si mpumulo, ndi benchi ina, yoipa kuposa yoyamba poti katundu wake sumugwira. Koma pamene pa golo paima mwana wa achemwali ako, mtima umagunda mwa mtundu wina. Anagwira mipira iwiri yoti aliyense anali atawerenga kale chigoli. Wachitatu, wophweka, wongogubuduzika, unamudutsa pakati pa miyendo. Tinagonja 2-1. Panali mkangano wa mphindi khumi ndi woimbira, mayi wina anathamangira m'bwalo ndi mthiko wa pa geni yake ya zitumbuwa, kenako zonse zinatha, matimu onse awiri n'kukhala pansi pa mlambe kumwera thobwa m'chigubu chimodzi. Pokwera lole anyamata ogonja aja anali akuimba ngati atenga chikho. Goloboyi yekha ndiye anali ndwii, koma pofika pa msewu anali akuseka nawo.

Ife tinatsala kuti tikakwerere ku Balaka. Poyenda kupita ku depoti ndinkamuonetsa mwana tauni. Ndinamuuza kuti kuno ndi kwao kwa Paul Banda ndi Alleluya Band, ndi kwa malemu Lucius Banda amene anatisiya mu Juni 2024. Ndinamuuza kuti kalata ya maepiskopi ya mu Malichi 1992, imene inatsekula pakamwa pa Amalawi, inasindikizidwa kuno kwa a Montfort. Iye anamvetsera mwaulemu, kenako anafunsa ngati ndingamugulire malambe.

Mawu awiri kwa abambo anzanga ndisanaiwale. Kutseka benchi n'kukakhala ku bala kuyambira Loweruka mpaka Lamulungu usiku si zimene ndikunena. Kumeneko mpamba umatha, BP imakwera, ana osakuonanibe. Ndiponso musatenge mkazi wanu kumuchotsa pa benchi n'kukamutula kwanu kuti akhale wophikira mudzi wonse inu muli pa bawo. Amayi a mu msika akati lero ndapuma, ndiye kuti achapa zovala za sabata yonse, akolopa, asita, aphika. Ngati mukufuna apumedi, Lachisanu madzulo gwirani nawo ndowa. Manja sathothoka.

Ndipo amene ya minibasi yakuvutani, kapena kwanu ndi ku Chitipa, musati nkhaniyi si yanu. A ku Blantyre mapiri akuzungulirani, Ndirande, Soche, Michiru, mumangowaona ngati zithunzi za pa kalendala. Kwerani m'gulu, osati nokha, m'mawa kusanatenthe. Mukafika pamwamba muyang'ane msika wanu uli pansipo, muone ngati benchi yanu mungailoze. Masana tengani ana mupite pa bwalo la sukulu yapafupi, mpira wake ndi waulere.

Tinabwerera kudzera ku Chingeni, Phalula ndi Zalewa, kufika usiku, mwana atagona pa miyendo ya mayi ake. Lolemba m'mawa benchi inali pomwepo. Mayi wa tomato anagulitsa ndithu, ngakhale usipa anaupereka motchipa chifukwa cha foni ija sinayankhidwe, ndipo kasitomala mmodzi wa tsiku ndi tsiku anakagula kwina. Ndalama inachepa poyerekeza ndi Loweruka la masiku onse, sindikubisirani. Mayi a kunyumba anawerenga kawiri, anapukusa mutu, kenako anayamba kumusimbira mnzawoyo za mipira iwiri ija inalowa. Mwezi wamawa ndi iwo adzakhale ndi mabenchi awiri, mnzawo akupita kwao ku Ntcheu.

Goloboyi uja watumiza uthenga dzulo. Akuti amayi ake wawauza, analira, mbuzi zonse zinayi zikadali m'khola. Akuti abwera ku Limbe mwezi ukatha, koma wafunsa ngati kuno kuli timu imene ikusowa munthu wa pa golo. Amene mukuidziwa mundiuze kudzera kwa akonzi. Za mpira wodutsa pakati pa miyendo uja musakawauze.